Ngwazi yopanda chilema ndi bodza, abale anga

Mawu oti ngwazi atchipa m'dziko muno kuposa mango a mu Disembala. Munthu akangokumbitsa mjigo umodzi kapena kugula mabokosi awiri a maliro, mawa lake mumva wandakatulo ali pamsonkhano kumuwunjikira mayina: mkango, mpulumutsi, Mose wa lero. Ine pano ndikuti tayimani kaye akuluakulu, tifunse anzathu akale amene ankaimba za ngwazi kuti iwo ankati ngwazi ndi munthu wotani.

Ophunzira amene mumachita lendi kuno ku Chinyonga n'kumawolokera ku Chichiri m'mawa uliwonse, mwina munamvapo za Homer, mlakatuli wa Agiriki amene ndakatulo zake zatha zaka pafupifupi 2,700. Mu Iliad, ngwazi yaikulu ndi Achilles. Koma ndakatuloyo ikuyamba ndi mkwiyo wake. Analimbana ndi mfumu Agamemnon chifukwa cha mkazi wogwidwa kunkhondo, n'kunyanyala kumenya nkhondo anzake akuphedwa ngati ziwala. Mnzake wapamtima Patroclus anafera m'kunyanyala komweko. Achilles atapha Hector, anakoka mtembo wake kumbuyo kwa galeta, zinthu zoti ngakhale milungu inanyansidwa nazo. Ukulu wake ukuonekera kumapeto, pamene nkhalamba Priam, bambo ake a Hector, inabwera usiku kudzapempha mtembo wa mwana wake. Achilles analira naye limodzi, namupatsa mtembowo.

Mu Odyssey, Odysseus ndi munthu wanzeru ndi wopirira, komanso ndi wabodza ndi wodzitama. Anatha zaka 10 panjira yobwerera kwawo ku Ithaca, ndipo anafika yekhayekha, amuna onse amene ananyamuka nawo atatha. Mlakatuli sanabise zimenezi.

Tikapita ku Iraq wa lero, kuli nkhani ya Gilgamesh, mfumu ya ku Uruk, yolembedwa pa mapale a dothi zaka zoposa 3,000 zapitazo. Poyamba anali mfumu yankhanza mpaka anthu ake kudandaula kwa milungu. Mnzake Enkidu atamwalira, anayendayenda kufunafuna moyo wosatha, koma anabwerako chimanjamanja atadziwa kuti nayenso ndi munthu, adzafa basi. Kuno ku Afrika, oimba a ku Mali amasimba za Sundiata, mwana amene anakula akukwawa, anathawitsidwa kwawo, koma anabwerera n'kugonjetsa Sumanguru cha m'ma 1235.

Mukaziyika pamodzi nkhani zimenezi muona zinthu zitatu. Choyamba, ngwazi imalipira ndi thupi lake, osati ndi ndalama za eni ake. Chachiwiri, chilema chake chimanenedwa poyera, ndi woimba yemweyo amene akuitama. Chachitatu, imafika podziwa malire ake, kuti si Mulungu ayi. Ngwazi ya m'ndakatulo zakale si munthu woyera ngati ufa wa mtondo. Ndi munthu amene kulakwa kwake kumapweteka ambiri, n'chifukwa chake oimba ankakunena kuti mafumu obwera achenjere.

Tsono inu amalonda a mumsika wa Limbe ndi wa Blantyre, tatulutsani ndalama zili m'chikwamamo, muyang'ane nkhope zake. Pa K500 pali Mbusa John Chilembwe wa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, ku Chiradzulu. Mu Novembala 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti Amalawi osauka akufera nkhondo ya azungu imene sakuidziwa mutu wake. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anaukira, ena ku Magomero, ena kudzafuna mfuti kwa Mandala konkuno ku Blantyre. Pa 3 Febuluwale iye anali atawomberedwa cha ku Mulanje. Analipira ndi moyo wake. Koma tisabise kuti ku Magomero anthu ake anadula mutu wa William Jervis Livingstone, komanso kuti chiwembucho sichinakonzeke bwino ndipo omutsatira ambiri ananyongedwa. Kunena zimenezi sikumuchepetsa Chilembwe. Homer akanati amuimbe, akananena zonse.

Pa K50 pali Inkosi ya Makhosi Philip Gomani II, amene anakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland mu 1953 mpaka atsamunda kumuchotsa pa ufumu. Pa K200 pali Mai Rose Chibambo, amene anatsekeredwa ku Zomba mu 1959 ali ndi khanda kumanja. Mai yemweyu, pa chisokonezo cha nduna cha mu 1964, anachotsedwa ntchito n'kuthawira ku Zambia, ndipo anatha zaka pafupifupi 30 dzina lake lili loopsa kulitchula. Dzulo chigawenga, lero ali pa ndalama. Apa pakutionetsa kuti amene amagawa dzina la ngwazi pa nthawi yake nthawi zambiri amaphonya.

Nanga wa pa K1,000 ndi K5,000? Dr. Hastings Kamuzu Banda ndiye anatenga dzina la Ngwazi kukhala lakelake. Zoti anaphwanya chitaganya, anagona ku ndende ya Gweru, ndipo anatifikitsa pa ufulu wa pa 6 Julaye 1964, palibe angatsutse. Chodabwitsa n'chakuti munthu ameneyu ankakonda kwambiri maphunziro a Agiriki ndi Aroma, mpaka ku Kamuzu Academy, yomwe anatsegula ku Mtunthama mu 1981, ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Ankawadziwa Achilles ndi mkwiyo wake. Koma m'dziko mwake sanalole woimba aliyense kutchula mkwiyo wa Ngwazi. Mlakatuli Jack Mapanje anakhala ku Mikuyu kuchokera mu 1987 mpaka 1991 popanda mlandu kukhoti. A Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anafera ku Mwanza mu Meyi 1983, ndipo tinauzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. A Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Nyimbo za mbumba sizinanene chilichonse pa zonsezi.

Kwa ine, tsiku limene Kamuzu anafanana ndi ngwazi za m'ndakatulo ndi lija la mu Meyi 1994, pamene anavomera pa wailesi kuti wagonja pa chisankho. Tsiku limenelo, monga Gilgamesh, anadziwa malire ake. Komatu ife sitinaphunzire. Patangopita zaka zochepa, dzina lomwelo la Ngwazi tinaliveka Bingu wa Mutharika, n'kuwonjezerapo chitsulo cha njanji, ndipo pa 20 Julaye 2011 tinaona anthu akuwomberedwa m'misewu pa zionetsero.

Ena adzati ndikunyoza akufa, ndipo mwambo wathu suloleza. Ine ndikuti ayi. Wakutsina khutu ndi mnansi. Kutchula chilema cha ngwazi yakufa n'kuteteza amoyo kwa ngwazi imene ikubwera. Mtsogoleri amene wamva matamando okhaokha kuyambira m'mawa mpaka usiku amayamba kukhulupirira kuti salakwa, ndipo akayamba kutero amalira ndi inu ogulitsa kaunjika ndi tomato, pamene kwacha yagwa ndipo palibe wolimba mtima womuuza zoona.

Choncho pempho langa lili pawiri. Inu achinyamata olakatula ndakatulo, musagulitse luso lanu ndi envulopu ya pamsonkhano. Ngati mukufuna kuimba za wamkulu, imbani zonse, zokoma ndi zowawa zomwe. Inunso amalonda, wina akabwera ndi zitenje ndi malonjezo, anyamata ake akumutcha ngwazi, mufunseni mafunso atatu: wataya chiyani chakechake chifukwa cha ife? Ndani amaloledwa kumuuza kuti walakwa? Nanga nthawi yake ikakwana, adzachoka yekha?

Akalephera kuyankha, landirani chitenjecho ngati mukufuna, koma dzina la ngwazi mulisunge. Linagulidwa ndi magazi ku Mulanje ndi ku Mwanza, si la wina aliyense wodutsa ndi Pajero.