Akacotsa ndulu, musathamangire makapisozi

Wacibale akatuluka m'cipatala atacitidwa opareshoni yocotsa ndulu, a pabanja amayamba ndi kusuzumira m'kathumba ka mankhwala. Akapezamo mapiritsi oletsa kupweteka cabe, madandaulo ayamba: "Ha, munthu amng'amba pamimba koma osampatsa ngakhale kapisozi imodzi! Kodi mankhwala anatha, kapena adokotala aiwala?" Madzulo ake mwana atumidwa kumsika kukagula makapisozi pa kantemba. Ine ndikuti cizolowezi cimeneci n'coipa ndipo tiyenera kucileka.

Ndulu ndi kathumba kokhala kunsi kwa ciwindi, ku dzanja lamanja pansi pa nthiti. Nchito yake ndi kusunga madzi owawa aja amene ciwindi cipanga kuti athandize kugaya zakudya za mafuta. Nthawi zina m'kathumbamo mumapangika timiyala. Kamwala kakatseka njira yotulukira madziwo, ndulu imatupa, munthu amamva kupweteka koopsya, amasanza ndipo thupi limatentha. Pamenepo adokotala amapereka mankhwala opha tuzirombo, aja ochedwa maantibayotiki, ndi kukonza zocotsa nduluyo.

Amai onse adziwa mocotsera ndulu ya nkhuku. Ikacoka yathunthu, nyama imakhala yabwino ndipo palibe cina cocita. Ikaphulika m'pamene pakhala nchito yotsuka. Kwa munthu n'cimodzimodzi. Matenda anali m'kathumba, ndipo kathumbako akacotsa. Nanga makapisozi a masiku asanu akalimbana ndi ciani?

Zimenezi si zongoganizira ai. Mu 2014 madokotala a ku France anafalitsa zimene anapeza pa odwala 414 m'zipatala 17, onse a ndulu yotupa koma osafika pa kayakaya. Onsewo analandira maantibayotiki asanalowe ku opareshoni. Pambuyo pake theka linapitiriza kumwa kwa masiku 5, theka lina silinamwe. Patapita masabata 4 anawerenga amene anadwala matenda a tuzirombo, pa bala kapena pena m'thupi. Kwa omwa mankhwala anali 15 mwa 100 alionse, kwa osamwa anali 17 mwa 100. Kusiyana kwake kunali kocepa kwambiri kotero kuti sakanati n'cifukwa ca mankhwala. Malangizo a akatswiri ochedwa Tokyo Guidelines a mu 2018 nawonso anena kuti kwa odwala otere mankhwalawa angalekedwe pasanathe maola 24 cicitikire opareshoni.

Wina adzati, "Nanga kumwa kuononga ciani? Si kudziteteza kodi?" Cikomekome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Makapisozi amenewa amapha ndi tuzirombo twabwino tumene tukhala m'matumbo, motero wodwala amene afunika kudya kuti bala lipole amayamba kutsegula m'mimba. Ena amatuluka ziwengo. Coipa koposa n'cakuti tuzirombo totsala tumazolowera mankhwalawo. Tsiku limene mwana adzadwala cibayo, mankhwala omwewo angakane kugwira nchito. Ofufuza anawerengera kuti mu 2019 anthu oposa 1.2 miliyoni pa dziko lonse anamwalira kamba ka tuzirombo tosamva mankhwala, ndipo maiko a mu Africa kum'mwera kwa cipululu ca Sahara ndiwo anakhudzidwa kwambiri. Ici n'cifukwa cake malamulo a dziko lathu salola kugulitsa maantibayotiki popanda kalata ya dokotala, ndipo bungwe la ZAMRA ndilo liyang'anira zimenezi. Wogulitsa pa kantemba sanaone m'mimba mwa wodwala wanu. Iye aona ndalama cabe.

Koma mundimvetse bwino. Sindikuti wodwala aliyense asamwe mankhwala. Ngati ndulu inaphulika kapena inaola, ngati m'mimba munapezeka mafinya, kapena ngati wodwala anafika ali mwakayakaya, mankhwala apitirizidwa, kawirikawiri kwa masiku 4 mpaka 7. Wodziwa zimenezi ndi dokotala amene anacita opareshoni. Iye akakulemberani, imwani monga mwauzidwa, osasungako ena, osagawira anansi. Ndiponso amene ali pa mankhwala a TB, ma ARV, Septrin kapena a shuga asaleke. Nkhani ino siikhudza amenewo.

Madokotala ndi anamwino nawonso ali ndi mbali yao. Wodwala akatulutsidwa popanda womfotokozera, amaganiza kuti amnyalanyaza, ndipo m'pamene amapita kumsika. Mau awiri atatu pa bedi angaletse zonsezi. Inunso a pabanja, safunsa anadya phula. Musanacoke m'wodi funsani kuti, "Kodi ndulu inacoka yathunthu? Kodi pali cifukwa copitirizira mankhwala? Tibwere liti kudzaonetsa bala?"

Kunyumba nchito yanu ndi kusunga bala laukhondo ndi louma, kusamba m'manja ndi sopo musanaligwire, ndi kupenyetsetsa. Thupi likatentha kapena kunjenjemera, bala likafiira, kutupa kapena kutulutsa mafinya, m'mimba mukapweteka moonjezereka, wodwala akamasanza kosaleka, kapena maso akasanduka acikasu, bwererani ku cipatala tsiku lomwelo. Makapisozi ogula angaphimbe zizindikiro zimenezi kwa masiku angapo pamene matenda akula m'kati. Ndalama imene mukanapereka pa kantemba isungeni ya minibasi yobwerera kwa adokotala.