Galamafoni ya agogo musagulitse pa kilo musanadziwe dzina lake

Anzanga a kunyanja, lero sindikamba za mtengo wa usipa ayi. Ndikamba za kabokosi kakuda kangati sutukesi kamene kali pansi pa bedi m'nyumba zambiri kuyambira ku Makanjira mpaka ku Nkhata Bay. Galamafoni yopukusa ija. Anyamata ogula zitsulo akuzitenga pa mtengo wa mbale imodzi ya utaka, ndipo ine ndikuti tikudzibera tokha.

Zambiri mwa izi anabwera nazo agogo athu pochokera ku Joni kapena ku Salisbury. Munthu wagwira zaka mumgodi, pobwera wanyamula bulangete, jekete ndi galamafoni. Wenela anaiimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, ndiye amene anakwera maulendo amenewo atsala owerengeka. Mukachedwa kufunsa, bokosi litsala koma nkhani yake ipita kumanda.

Tsono mungaidziwe bwanji yanuyo? Yambani ndi chivundikiro. Mukaona galu akusuzumira mu lipenga, imeneyo ndi HMV ya ku Britain. Yotchedwa 101 inatuluka mu 1925, ndipo zoyambirira zake chopukusira chinali kutsogolo, kenako anachisamutsira m'mbali. Ya 102 inabwera mu 1931 ndipo anaipanga zaka zoposa 20. Decca yonyamula m'manja inayamba mu 1914, asilikali ankapita nayo kunkhondo.

Vuto limabwera dzina likakhala lachilendo, loti ngakhale Google ikukupatsani zopanda mutu. Apa ambiri amati basi ndi yabodza, nkuitaya. Ayi. Masiku amenewo masitolo ambiri ankagula zipangizo kumafakitale, nkuziika m'bokosi lawo, nkumata dzina lawo. Zili ngati boti la matabwa: dzina lolembedwa m'mbali ndi la mwini wake, koma injini ndi Yamaha. Nyamulani chozungulira chija pang'onopang'ono, muone ngati pansi pake pali nambala. Masulani thabwa muone injini. Mukapeza Thorens kapena Paillard, ndi za ku Switzerland. Garrard ndi ya ku England. Onaninso kamutu kogwira singano: kakakhala ndi chooneka ngati galasi, kawirikawiri ndi kakale kuposa ka aluminiyamu. Koma kamutu anthu ankasintha kakawonongeka, ndiye musadalire iko kokha.

Jambulani zonsezi masana, dzina, nambala, injini, maloko, nkumafufuza chimodzichimodzi pa intaneti. Dzina la injini limatsegula njira pamene dzina la chivundikiro lakanika. Mbale zake nazonso zimalankhula. Mukaona Gallotone, dziwani kuti zinachokera ku South Africa.

Wina anena kuti, aise, bundle yadula, maukonde akufuna ndalama, ine ndizitaya nthawi ndi bokosi la dzimbiri? Funso labwino. Sindikunamizani kuti galamafoni iliyonse ndi chuma. Zambiri sizingakugulireni ngakhale nyali za chilimira, makamaka ngati chinyezi cha kunyanja chadya chikopa chake. Koma amene sadziwa kusiyana kwa chambo ndi kambuzi, pa doko amamudyera masuku pamutu. Dziwani kaye chimene muli nacho. Mukafuna kugulitsa mugulitse maso ali poyera, ndipo muuze abale, chifukwa katundu wa malemu sagulitsa munthu mmodzi usiku.

Zina musachite chonde. Musapake penti kuti iwale, mufufuta dzina limene tikulifunalo. Mbale zake zozungulira ka 78 pa mphindi musatsuke ndi spirit kapena kachasu, zimasungunuka; kansalu kofewa nkokwanira. Singano yachitsulo ndi ya mbali imodzi ya mbale basi, kenako kusintha, apo ayi ikukumba nyimbo. Mbale zopepuka za 33 ndi 45 musaikepo, singano imeneyo iziwononga tsiku lomwelo. Ndipo chigubu cha sipuling'i musatsegule ngati simudziwa, chitsulo chimenecho chikafwamphuka chimacheka zala.

Koma kafukufuku wamkulu sali pa foni. Khalani pansi ndi agogo aakazi kapena amalume, mufunse kuti anabwera nayo ndani, chaka chiti, anatsikira pa doko liti pa Ilala, inalira pa ukwati wa ndani. Lembani pa pepala, muike m'kati mwa chivundikiro momwemo. Fakitale inapanga zikwizikwi zofanana, koma imene inavinitsa mudzi wanu mwezi ukuwala ndi imodzi yokha.

Amene muli nayo, ponyani zithunzi pa gulu pano tithandizane kuwerenga manambala. Tumiziraninso abale akumudzi anyamata a zitsulo asanafike.