Buku latchipa pa foni, nanga tebulo alipire ndani?

Masewera a Dungeons & Dragons, omwe anayamba ku America mu 1974, safuna zambiri: anthu angapo ozungulira tebulo, madayisi ndi buku la malamulo. Mmodzi amasimba nthano, enawo n'kumakhala anthu a m'nthanomo.

Kwa zaka zambiri, bukulo anthu ankaligula m'mashopu ang'onoang'ono a masewera a m'dera lawo. Lero zasintha. Player's Handbook ya 2024 yapapepala inatuluka pa mtengo wa madola 49.99, pomwe ya pa intaneti, pa D&D Beyond, inali madola 29.99. Malamulo a masewera ena otchedwa Pathfinder ndiye amawerengedwa ulere pa Archives of Nethys. Angakane ndani?

Koma shopu yotere simangogulitsa mabuku. Muli matebulo pomwe anthu amakumana madzulo. Mlendo amapezamo anzake, wongoyamba kumene amaphunzitsidwa. Lendi ndi magetsi zimalipiridwa ndi zimene anthuwo agula. Aliyense akamabwera ndi buku lake pa foni, mwini shopu amangotsala ndi phokoso basi.

Makampani akulidziwa vutoli. Wizards of the Coast, eni ake a Dungeons & Dragons, amatulutsa mabuku a zikuto zapadera ogulitsidwa m'mashopu oterewa. Makampani ena, kudzera mu ndondomeko ya Bits and Mortar, amapereka PDF yaulere kwa wogula buku m'shopu.

Kugula pa foni sikulakwa, ndalama ikuvuta. Koma ngati mumasewerera pa tebulo la mwini, gulanipo kenakake, olo madayisi okha. Foni ikupatsani malamulo onse, koma singakupezereni mpando.