Mvula sinanyowetse atsikana okha pa Phwezi

Asisi, pali nkhani imene yakhala ikundidya kuyambira June.

Tinali pa Phwezi m'mamawa, pafupi ndi msewu wa M1, pa kampikisano ka njinga zam'mapiri kamene anyamata ena okonda masewerawa anakonza. Njira inali yokwera kulowera cha ku Livingstonia n'kubwerera. Amene mumadziwa Rumphi mukudziwa kuti June wa kumeneko si wa ku Area 25 ayi. Pamwamba pake pali Nyika, mapiri opitirira mamita 2,000, kumene ku Chelinda udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Tsikulo kunagwa mvula ya mawawa, nkhungu ili thoo.

Tinalipo atsikana asanu. Tisananyamuke, mmodzi mwa okonza anabwera akumwetulira. Eti poti kwazizira, ife azimayi tingozungulira pafupi pompa, mtunda wautali tiwasiyire amuna. Anati akutiganizira. Mphoto yathunso inali itachepa kale: amuna ndalama, ife chitenje ndi ndowa.

Ndinamufunsa funso limodzi: achimwene, kodi mvulayi ikugwa mosankha?

Ndisanamizire kulimba mtima. Kupalasa mtunda wautali uli chinyowere n'koopsa ndithu. Thupi la munthu limafuna kukhala pa madigiri 37, ndipo likatsika pansi pa 35 zinthu zaipa: umanjenjemera osaleka, lilime limalemera, maganizo amasokonekera. Pokwera chitunda sumva kanthu chifukwa thukuta lili kutuluka. Vuto limabwera potsika, pamene miyendo yaima koma mphepo ikuwomba pa malaya onyowa. Zala zimachita dzanzi mpaka kulephera kukoka buleki, ndipo matope osakanikirana ndi mchenga amadya mabuleki omwewo ngati chiswe. Ine ndinagwa kawiri. Kachiwiriko ndinakhala pansi kaye n'kulira pang'ono, sindibisa.

Komatu zonsezi zinawapezanso anyamata. Amene anavutika kwambiri tsikulo anali mnyamata wamphamvu zake, amene anavala juzi yathonje yokhuthala. Thonje likanyowa limasunga madzi n'kumakuyamwa kutentha. Anamutsitsa pa galimoto atamufunditsa bulangete, mano akugundana. Mnzanga wina, kamtsikana kochepa thupi, anavala jezi ya mpira ya pa kaunjika, n'kuika jumbo pachifuwa mkati mwa jeziyo kuti itchinge mphepo potsika. M'thumba anali ndi nthochi ndi mtedza, ndipo ankadya asanamve njala. Anamaliza mtunda wonse. Chinawasiyanitsa awiriwa ndi zimene ankadziwa, basi.

Ndiye ngati okonza mpikisano akutiganiziradi, atiuze tonse, amuna ndi akazi, zoyenera kuvala ndi kunyamula. Aike galimoto kumapeto kwa gulu yotola aliyense amene wafooka. Pothera pakhale tiyi wotentha ndi malo otchingidwa osinthira zovala. Ichi chomalizachi amuna sachiganizira n'komwe. Iwo amavula malaya pamsewu pomwepo, ife timaima ndi zonyowa theka la ola kufunafuna nyumba yoti tipemphe, pamene nthawi yoopsa kwambiri ndi yomweyo, thupi litasiya kugwira ntchito. Kutichotsa pa mzere n'kosavuta kuposa kukhoma tenti imodzi, n'chifukwa chake amasankha zimenezo.

Mawu akuti “tikukutetezani” tinawazolowera pa nkhani ya njinga. Ambiri a ife tinakula tikumva kuti mtsikana akamapalasa ataya unamwali, kapena sadzabereka. Bodza lenileni, chishalo cha njinga sichifika pa chiberekero. Koma onani pa siteji ya kabaza iliyonse, ku Mzuzu, ku Rumphi boma, ku Lilongwe: wopalasa ndi mwamuna, ife tili pa keliyala, miyendo mbali imodzi. Pomwe amayi omwewa, ku Henga konkuno, amasenza mtolo wa nkhuni kutsika phiri mvula ili mkati. Palibe amawauza kuti azungulire pafupi.

Palinso zovala. Sungapalase m'matope ndi chitenje, chimakodwa mu tcheni n'kukugwetsa. Umafunika kabudula wothina kapena thalauza. Dziko lino linaletsa akazi kuvala thalauza mwalamulo kuyambira 1973 mpaka 1993, ndipo mu January 2012 mavenda anavula akazi ovala mathalauza m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre. Lamulo linapita koma maso a anthu sanasinthe kwenikweni. Podutsa pa malo ena ogulitsira, zimene anatikuwira sindingazilembe pano. Ndinkaopa zimenezo kuposa chitunda.

Ena anena kuti akazi opikisana ndi ochepa, ndiye mphoto singafanane. Pamenepo pali choona pang'ono: tinalidi asanu okha. Koma ndani angabwereke njinga, kulipira thiransipoti yochokera ku Mzuzu, n'kudzazunzika m'matope chifukwa cha ndowa? Ku South Africa kuli Cape Epic, mpikisano wa masiku asanu ndi atatu umene unayamba mu 2004, ndipo mu 2014 anafananitsa mphoto za akazi ndi za amuna. Sanadikire kuti akazi achuluke kaye. Pauline Ferrand-Prévot wa ku France anawina golide wa njinga zam'mapiri pa Olympics ya Paris mu 2024, chaka chotsatira n'kuwinanso Tour de France ya akazi. Kuno kwathu malo tili nawo: Nyika, Zomba, Viphya, kumene ku Luwawa kwakhala kukuchitika mpikisano wa njinga zam'mapiri m'nyengo yozizira yomweyi. Mapiri alipo, atsikana alipo.

Tsiku lija tinakana kuzungulira pafupi. Atatu tinamaliza, awiri anakwera galimoto panjira, monganso anyamata angapo. Ine ndinafika kumapeto kwenikweni, matope mpaka m'makutu. Mayi wina wogulitsa mbatata yowotcha anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandikokera kuseri kwa nyumba yake kuti ndisinthe, n'kundikhazika pa mbaula. Chichewa chake chinali chosakaniza ndi Chitumbuka, koma ndinamva. Ankafunsa ngati chaka chamawa mwana wake wa Fomu 2 angabwere ndi njinga ya bambo ake, yopanda magiya.

Ndinawauza kuti abwere nayo, amama, tidzakankha limodzi pa chitunda. Ndowa ija ndinawasiyira.