Kakhadi ka Gretzky: chikumbutso kapena juga?

Pa chipata cha Nayuchi, pomwe njanji yochokera ku Nkaya m'boma la Balaka imalowera ku Entre Lagos, osintha ndalama amadziwa kuti pepala limalemera malinga ndi amene akulifuna. Komabe nawonso angapukuse mutu atamva za kakhadi kosaposa chikhatho, kamene mu 2021 kanagulidwa pa madola 3.75 miliyoni a ku America.

Pa kakhadiko pali chithunzi cha Wayne Gretzky, katswiri wa hockey ya pa ayezi, masewera amene anthu a ku Canada amawakonda monga Amalawi akondera mpira wamiyendo. Kampani ya O-Pee-Chee ya ku London, m'chigawo cha Ontario, inasindikiza makhadiwa mu 1979 n'kumawagulitsa pamodzi ndi chingamu. Ana ankasinthanitsa, kuwapinda m'matumba a kabudula, kenako kutaya. Pomwe kakhadika kamagulitsidwa n'kuti makhadi awiri okha a mtunduwu ndiwo anali atapatsidwa 10 pa 10 ndi PSA, kampani younika makhadi.

Oikira kumbuyo mtengowu amaloza ntchito za mwiniwake. Gretzky anatenga chikho cha Stanley Cup kanayi ndi timu ya Edmonton Oilers, ndipo popuma mu 1999 anali atasonkhanitsa mapointi 2,857 mu ligi ya NHL. Zigoli zake 894 zinakhala pamwamba mpaka mu Epulo 2025, pomwe Alex Ovechkin anazipitirira. Nambala yake, 99, ligi inalamula kuti wina asadzaivalenso. Kwa iwo, khadi la chaka chake choyamba ndi mboni ya poyambira pa zonsezi.

Mfundo imeneyi ili ndi mano, makamaka kuno kwathu. Kinnah Phiri anali nawo mu Flames imene inatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978 ndi 1979, chaka chomwecho cha khadi la Gretzky, koma mnyamata wa ku Ntaja kapena ku Liwonde wofuna kuona nkhope ya Kinnah wa nthawiyo angaipeze kuti? Mbiri yake yatsalira m'kamwa mwa agogo amene ankatchera khutu pa wailesi ya MBC.

Otsutsa akuti mtengowo sukuyeza luso la munthu, ukuyeza ngodya za pepala. Khadi lomwelo, chithunzi chomwecho, likangokhala ndi kamzera kopindika, mtengo umagwa chagada. Ndipo likagulitsidwanso, ndalama imalowa m'thumba la wogulitsa ndi nyumba ya okushoni, osati la wosewera amene anathyoka mano pa ayezi. Gretzky sadandaula, ndi mpondamatiki kale. Mu 1991 iye ndi Bruce McNall, amene panthawiyo anali mwini wa timu ya Los Angeles Kings, anagula okha khadi lakale la baseball la Honus Wagner pa madola 451,000. Nanga Willie O'Ree, munthu wakuda woyamba kusewera mu NHL mu 1958, amene anasewera magemu 45 okha, diso lake lakumanja lisakuona? Msika wa makhadi ulibe sikelo yoyezera kulimba mtima kotero.

Mbali yachiwiriyi ndiyo ikumveka kwambiri, ndipo umboni wake unatuluka ku Regina, m'chigawo cha Saskatchewan. Banja lina linapeza m'nyumba katoni yosatsegula ya makhadi a O-Pee-Chee a chaka chomwe chija, muli mabokosi 16. Palibe ankadziwa kuti muli ma Gretzky angati, kapena ngati ali osapindika. Mu Febuluwale 2024 munthu wina anapambana okushoni ya Heritage Auctions pa madola 3.72 miliyoni, koma malondawo sanatheke. Katoni yomweyo, isanatsegulidwebe, inabwerera pa msika mu Disembala chaka chomwecho n'kupita pa madola 2.52 miliyoni. M'miyezi 10 imeneyo Gretzky anali asanachotseredwe chigoli ngakhale chimodzi.