Kafukufuku Wotchuka Kunja, Nanga ku Mandava Wafika?

Mlimi amadziwika ndi nkhokwe yake, wam'migodi ndi miyala imene wakumba. Nanga munthu wophunzira kwambiri, amene ntchito yake ndi kufufuza ndi kulemba, amayesedwa ndi muyeso wanji? M'sukulu zaukachenjede amawerenga zinthu ziwiri: chiwerengero cha nkhani zimene wasindikiza m'magazini a akatswiri, ndi kuchuluka kwa maulendo amene akatswiri anzake atchula nkhanizo m'zolemba zawo. Kukwezedwa pa ntchito ndi kupeza ndalama zofufuzira kumadalira kwambiri manambala amenewa.

M'chaka cha 2005, katswiri wa sayansi Jorge Hirsch anakonza muyeso wotchedwa h-index. Munthu akakhala ndi h-index ya 20, ndiye kuti ali ndi nkhani 20 zimene iliyonse yatchulidwa kosachepera ka 20. Muyesowu uli ndi ubwino wake chifukwa umaonetsa kuti ntchito ya munthu ikuwerengedwa. Koma akuluakulu anati chulukechuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Nambalayo siinena ngati nzeruzo zinafika kwa anthu amene anafunsidwa mafunso.

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri pa maphunziro a kaganizidwe ka munthu pa zachuma, omwe amafufuza chifukwa chimene timasungira, kumwaza kapena kukongola ndalama. Daniel Kahneman ndi Amos Tversky anasindikiza nkhani mu 1979 yoonetsa kuti kutaya chinthu kumapweteka mtima kuposa mmene kupeza chinthu chofanana nacho kumasangalatsira. Nkhaniyo ndi imodzi mwa zotchulidwa kwambiri m'maphunziro azachuma, ndipo Kahneman analandira mphoto ya Nobel mu 2002. M'zaka zotsatira, akatswiri ambiri anatuluka m'makalasi n'kupita m'midzi, kuphatikizapo midzi ya anthu olankhula Chichewa.

Ku Chipata, m'chigawo cha kum'mawa kwa Zambia, Felix Masiye wa pa University of Zambia pamodzi ndi Günther Fink ndi Kelsey Jack anachita kafukufuku m'midzi 175. Iwo anaona kuti njala ikafika mu Januwale, mlimi amasiya munda wake n'kukagwira ganyu kwa ena, ndipo munda wakewo umamera udzu. Mabanja ena anapatsidwa ngongole ya matumba atatu a chimanga kapena K200 ya ku Zambia, yobweza akakolola. Amene analandira ngongoleyo anachepetsa ganyu n'kulimbikira m'minda yawo, zokolola zinakwera, ndiponso malipiro a ganyu m'midziyo anakwera popeza ofuna ganyu anachepa. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2020 m'magazini ya American Economic Review.

Pambuyo pake Masiye ndi Jack, pamodzi ndi anzawo ena, anayesa njira yosafuna ngongole konse. Atangokolola, alimi anapemphedwa kukumbukira mmodzimmodzi zonse zimene zidzafune ndalama chaka chonse: sukulu, sopo, mchere, chigayo, matenda, zipangizo zaulimi. Kenako anagawa matumba awo a chimanga molingana ndi zofunikazo n'kuika zizindikiro pa matumbawo. Alimi ambiri anazindikira kuti ankaiwala zinthu zing'onozing'ono zimene zimadya nkhokwe pang'onopang'ono. Amene anachita zimenezi anafika m'nyengo ya njala ali ndi chimanga chochulukirapo kuposa anzawo.

Ku Malawi nakonso, mu 2009 akatswiri Lasse Brune, Xavier Giné, Jessica Goldberg ndi Dean Yang anagwira ntchito ndi makalabu a alimi a fodya komanso banki ya Opportunity. Alimi amene anapatsidwa mwayi woti ndalama zawo za fodya zizilowa m'akaunti zawozawo anagula zipangizo zaulimi zambiri chaka chotsatira, ndipo anakolola zambiri, ngakhale kuti gawo lalikulu la ndalamazo ankalitapa msanga.

Nkhani zonsezi zikutchulidwa ndi akatswiri m'mayiko ambiri. Koma zinalembedwa m'Chingerezi chozama, chodzaza ndi masamu, ndipo magazini ambiri otere amafuna kulipira kuti munthu awerenge. Mayi amene anayankha mafunso m'Chinyanja pansi pa mtengo sangawerenge zimene zinatuluka m'mayankho ake. Kumubwezera nzeruzo sikuwonjezera kanthu pa h-index ya munthu aliyense, choncho ntchito imeneyi imatsalira m'mbuyo.

Tiyeni tibwere ku Mandava, m'tauni ya Zvishavane ku Zimbabwe, kumene kuli ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito mumgodi wa asibesitosi wa Shabanie. Boma linatenga ulamuliro wa kampani ya mgodiwu mu 2004, ndipo patangopita zaka zochepa ntchito inaima, antchito ambiri n'kutsala opanda malipiro. Mu 2008 ndalama ya dzikoli inatha mphamvu kotheratu, moti penshoni ndi zonse zimene anthu anasunga kubanki zinasanduka mapepala. Ambiri m'chigawo cha Midlands anatembenukira ku ntchito yokumba golide paokha, ulimi wa m'timinda ting'onoting'ono ndi malonda a pamsika.

Munthu wobwera ndi buku lotchuka akhoza kuona bambo wa ku Mandava akugula mbuzi, malata kapena simenti tsiku lomwelo walandira ndalama, n'kunena kuti bamboyo sadziwa kusunga. Kumeneko n'kulakwitsa. Amene analumidwa ndi njoka amathawa ndi luzi lomwe. Bamboyo akusunga ndithu, koma m'zinthu zimene sizisungunuka usiku umodzi. Zimene zinapezeka pakati pa alimi a fodya ku Malawi mu 2009 zinadalira kuti anthuwo ankakhulupirira banki yawo. Kuchuluka kwa maulendo amene nkhani yatchulidwa sikutiuza ngati nzeru yake ingamere pa nthaka ina.

Komabe zilipo zoti a ku Mandava atolepo. Wokumba golide amafanana ndi mlimi chifukwa ndalama yake imabwera nthawi imodzi, kenako n'kudutsa miyezi yowuma. Njira ya alimi a kum'mawa kwa Zambia yokumbukira zofunika zonse ndi kugawiratu chuma siifuna banki kapena bungwe lakunja. Magulu a chipereganyu, amene kuno amatchedwa mukando, ndi mabungwe othandizana pa maliro amene makolo athu anakhazikitsa m'makomboni, ndi malo oyenera kuiyeserako.

Inu alangizi ndi ogwira ntchito zachitukuko, wofufuza akafika m'dera lanu mufunseni mafunso atatu musanamusonkhanitsire anthu. Adzabweranso liti kudzafotokoza zimene wapeza? Adzafotokoza m'chinenero chanji? Ndi akatswiri angati a m'dziko muno amene maina awo adzalembedwe pa nkhaniyo? Sukulu ya Midlands State University ili ndi nthambi ku Zvishavane komweko, ndipo ophunzira ake angathandize kumasulira zotsatira m'Chishona, m'Chindebele ndi m'Chichewa. Mawailesi a m'madera nawonso amafika kumene magazini a akatswiri safika.

Nanunso alimi, nthawi imene mumataya poyankha mafunso ndi yamtengo wapatali, ndipo muli ndi ufulu wofunsa kuti mayankho anu akupita kuti. Sukulu zaukachenjede ndi mabungwe opereka ndalama apitirize kuwerenga manambala awo, koma awonjezere funso limodzi poyesa katswiri: kodi ndi midzi ingati imene anabwererako kukanena zimene anapeza?