Lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza

Mabuku ofotokoza za ulumali, nkhanza ndi umphawi amakhudza anthu mosiyanasiyana, koma chimene chimayamba kufika mumtima mwa ambiri ndi chisoni. Mwana wa sekondale ku Katete kapena mphunzitsi wa ku Sinda, m'chigawo cha Kum'mawa m'Zambia muno, akatsiriza buku lotere amapukusa mutu n'kunena kuti "abale inu, anthu amavutika," kenako n'kulibweza kwa mwini wake. Chisonicho si choipa. Vuto lake n'lakuti chimamuika wowerenga tsidya lino, wovutikayo tsidya lija, ngati kuti pakati pawo pali mtsinje wosawolokeka. Makolo sankaona choncho. Iwo anati lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza: amene akuyenda ndi miyendo yake lero asadzione ngati wa mtundu wina, pakuti thupi silipangana ndi munthu.

Mabuku otchuka a nkhaniyi amavomerezana ndi mwambiwu. Helen Keller, amene mbiri yake ya The Story of My Life inatuluka mu 1903, anabadwa ku America mu 1880 akuona ndi kumva bwinobwino. Matenda ndiwo anam'landa maso ndi makutu ali ndi miyezi 19. Louis Braille wa ku France, mwini zilembo zowerenga ndi zala, anavulala diso ali ndi zaka zitatu akusewera ndi chida cha bambo wake wosoka zikopa. Zotere si zachilendo kuno. Aliyense amene anadikirirapo wodwala pachipatala cha St Francis ku Katete, chomwe chakhalapo kuyambira 1948, kapena pa Nyanje ku Sinda, amadziwa njira zimene chilema chimadzera: malungo a mu ubongo, mwana wobadwa movutikira mayi atachedwa panjira, ngozi ya njinga yamoto pamsewu wa Great East, ng'ala ya ukalamba, kufa ziwalo. Wowerenga wokumbukira zimenezi amawerenga Keller ngati mbiri ya munthu wa pamudzi pomwepo.

Pambuyo pa chisoni pamabwera kugoma, ndipo apa m'pamene owerenga ambiri amatererapo. Keller anaphunzira kulankhula ndi kulemba mothandizidwa ndi mphunzitsi wake Anne Sullivan, mpaka anatenga digiri ku Radcliffe mu 1904. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu ku Malawi, analeka sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 mpaka 2002, koma anapanga makina a mphepo opatsa magetsi atawerenga buku la mulaibulale yaing'ono, monga akufotokozera mu The Boy Who Harnessed the Wind la 2009. Nkhani zotere zimalimbitsa mtima, ndipo n'zoona kuti ana a ku Vubwi ayenera kuzidziwa. Koma zikawerengedwa mothamanga zimabala chiweruzo choipa, chakuti amene sanatulukemo m'mavuto ndiye kuti sanalimbikire. Mabukuwo sanena zimenezo. Banja la Keller linali lopezako bwino moti linatha kulemba mphunzitsi wa mwana mmodzi yekha, ndipo Kamkwamba anapeza laibulale pafupi ndi kwawo. Keller mwini wake atakula analemba kwambiri zoti khungu la anthu ambiri limachokera ku umphawi ndi ntchito zoika moyo pachiswe. Mbali imeneyi ya moyo wake simatchulidwa kawirikawiri, chonsecho ndiyo yofunika kwambiri kwa wowerenga wa kumudzi.

Buku limene silimusiya wowerenga kungogoma ndi A Cowrie of Hope la Binwell Sinyangwe, mlembi wa m'Zambia mommuno, lomwe linatuluka mu 2000. Nasula, mayi wamasiye, anyamula thumba lake la nyemba kupita ku Lusaka kuti apeze ndalama za sukulu ya mwana wake wamkazi, ndipo tambwali wina amuthawitsa thumbalo osalipira. Mlimi wa mtedza, soya kapena mpendadzuwa wa ku Katete safunika kum'tanthauzira nkhaniyi. Amadziwa mmene mtima umagundira pamene thumba lakwera pa sikelo ya vendala, maso ali pa muvi, m'mutu akuwerengera feteleza, yunifolomu ndi ngongole ya kwa mlamu. Buku lotere limadzutsa mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndi woyenera, chifukwa umafunsa kuti anachititsa ndani. Chimodzimodzi And Crocodiles Are Hungry at Night la Jack Mapanje, la 2011, lofotokoza zaka zimene anakhala m'ndende ya Mikuyu ku Zomba kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Mavuto a Mapanje anali ndi eni ake, anthu a maudindo amene anasaina mapepala.

Mwambi wina umathandiza posankha buku loti munthu alikhulupirire: wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mbiri yolembedwa ndi mwini mavuto imanena zinthu zimene woonerera sangaziganize, monga kutopa ndi anthu omuyankhira pomwe iye ali pomwepo, kapena manyazi a kunyamulidwa pamasitepe a ofesi. Izi sizikutanthauza kuti ena asalembe. Petina Gappah wa ku Zimbabwe, mu The Book of Memory la 2015, analemba mwaulemu za mkazi wachialubino womangidwa kundende ya Chikurubi. Koma laibulale imene ili ndi mabuku onena za aulumali okhaokha, popanda olembedwa ndi aulumali eni ake, yangomva mbali imodzi ya mlandu.

Chigawo cha Kum'mawa chili ndi mbiri yakeyake imene ikanayenera kukhala m'manja mwa ana. Ku Magwero, pafupi ndi Chipata, amishoni a Dutch Reformed anayamba kuphunzitsa ana osaona mu 1905, sukulu yoyamba yotere m'dziko lino, ndipo pambuyo pake panatsegulidwanso sukulu ya ana osamva. Kalembedwe ka braille komwe ana amaphunzira kumeneko n'kofunika kukaona pafupi. Pepala lolimba limapanidwa m'kachipangizo ka timabowo, ndipo mwana amabaya timadontho ndi kachitsulo kosongoka kuyambira kudzanja lamanja kupita kumanzere, chifukwa akatembenuza pepalalo m'pamene timatumphu timawerengeka moyenera. Chilembo chilichonse chimapangidwa kuchokera pa timadontho tisanu n'kamodzi. Buku lopyapyala la zilembo wamba likalembedwa motere limasanduka mabuku angapo ochindikala, n'chifukwa chake ndi osowa. Pazaka zoposa 100 zimenezi padutsa anthu ambiri amene mbiri zawo zikanadzaza mashelefu.

Chiwerengero cha eni nkhanizi si chochepa. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 anapeza kuti anthu 10.9 pa 100 alionse akuluakulu ndi ana 4.4 pa 100 alionse m'Zambia ali ndi ulumali. Dzikoli linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa aulumali mu 2010, ndipo mu 2012, chaka chomwe Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha, linakhazikitsa lamulo la Persons with Disabilities Act. Kuyambira 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka kusekondale. Komabe mwana wokwawa amafunikabe njinga ya olumala yopirira njira za mchenga ndi matope a dzinja, khomo la kalasi lopanda masitepe, ndi chimbudzi choti angalowemo osaika manja pansi ponyowa. Apa m'pamene kuwerenga kumayesedwa. Mphunzitsi amene buku lamukhudza angafunse kwa anyakwawa kuti ndi ana angati amene amatsala pakhomo anzawo akamapita kusukulu, ndipo komiti ya makolo ingaike funso la masitepe ndi chimbudzi patsogolo pomanga chipinda chatsopano.

Chotsalira ndi chilankhulo ndi njira yofikitsira mabukuwa kwa anthu. Onse amene atchulidwa pano analembedwa m'Chingelezi, pomwe anthu ambiri a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi amaganiza ndi kudandaula m'Chichewa kapena m'Chinsenga. Wosaona sangawerenge zilembo wamba, ndipo gogo amene sanapite kusukulu sangawerenge zilizonse. Kuwerenga mokweza m'magulu a kutchalitchi ndi m'makalabu a sukulu kungatseke mpata umenewu pamtengo wochepa, monganso wayilesi za m'chigawochi, Breeze FM ndi Radio Maria, zimene zimamveka m'midzi yopanda laibulale. Lamya za m'manja nazo zimatha kujambula mawu, kotero munthu wosaona wa ku Sinda kapena mayi wolera mwana wolumala ku Vubwi angathe kufotokoza mbiri yake m'chilankhulo chake, wina n'kuilemba ndi chilolezo chake.